Fomu ikafuna tsiku lobadwa limene mwini wake salidziwa

Kalembera wa masiku ano sabweranso ndi mulu wa mapepala ndi bolopeni. Kaya ndi wa chithandizo cha ndalama, kaya wa feteleza wotsika mtengo, kaya kafukufuku wa zaumoyo, alembi amafika m'mudzi atanyamula matabuleti. Chiyambireni kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa m'miyezi yowerengeka, anthu azolowera kuyankha mafunso kwa munthu amene maso ake ali pa galasi.

Pepala limalandira chilichonse chimene walembapo. Fomu ya pa tabuleti imakana. Kabokosi kalikonse kanauziridwatu mtundu wa yankho lake: aka nkamawu, aka nkamanambala, aka nkatsiku, aka nkosankha pamndandanda. Pamwamba pake pali malamulo oletsa zosatheka, monga munthu wa zaka 300 kapena tsiku la 30 Febuluwale. Zikakonzedwa bwino zimapulumutsa ntchito ya miyezi yokonza zolakwika mu ofesi. Zikakonzedwa mothamanga zimawononga mwakachetechete. Nambala ya foni ikaikidwa m'kabokosi ka manambala owerengera, kompyuta imachotsa ziro wakutsogolo, manambala 10 n'kutsala 9. Kabokosi ka dzina kolola zilembo za A mpaka Z zokha kamakana a Ng'oma ndi a M'bwana chifukwa cha kachizindikiro kam'mwambako. Zimenezi okonza mafomu sakanganirana, amadziwa kuti ndi zolakwika. Mkangano uli pa kabokosi kamodzi.

M'mudzi wina m'boma la Chiradzulu, pabwalo la amfumu, mtsikana wina wolemba mayina anali atakhala pa mpando wa pulasitiki, tabuleti ili pamiyendo, ataitchinga ndi chitenje kuti dzuwa lisamawale pa galasi. Ambiri pamzerewo ntchito yawo inali yachidule. Amapereka chiphaso, mtsikanayo n'kujambula kachidindo kakumbuyo, dzina ndi tsiku lobadwa n'kudzilemba zokha. Kenako panafika gogo wina wamkazi, woyenda ndi ndodo, atamanga kansalu pa ngodya ya chitenje chake. Anakamasula pang'onopang'ono. Munali buku la kuchipatala lonyowa kale n'kuuma, masamba atamatana, ndi kapepala ka nambala ya foni ya mdzukulu wawo wa ku Limbe. Chiphaso munalibe. Chinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamodzi ndi khoma la nyumba.

"Agogo, munabadwa liti?"

Gogoyo sanachedwe kuyankha. Anati anabadwa pa njala yaikulu ija, mvula ikugwa, mayi awo atangobwera kumene kuchokera kolandira chimanga. Anafotokoza kuti mchemwali wawo wamkulu ndiye amawabereka kumbuyo chifukwa mayi analibe mphamvu, ndipo anatchula ndi dzina la mzamba amene anawabadwitsa. Amuna awiri achikulire amene anali pafupi anavomereza kuti ndi njala ya 1949. Mtsikanayo analemba 1949 n'kudina kuti apitirire. Kabokosi kanafiira. Kamafuna tsiku, mwezi ndi chaka, zonse zitatu, apo ayi funso lotsatira silitseguka.

Anayesa kuwafunsa mwanjira ina, ngati unali mwezi wa Khirisimasi kapena chimanga chinali chitamasula. Gogoyo anaseka, nati iwo anali khanda, akanaona bwanji chimanga. Mzere kumbuyo unayamba kung'ung'udza, batire linali litapitirira theka, ndipo galimoto yodzatenga alembi inali yoti ifika dzuwa lisanapendeke. Mtsikanayo anapukusa kalendala ya pa galasi kubwerera m'mbuyo zaka makumi asanu ndi awiri ndi kuposerapo, nasankha 1 Januwale 1949. Kufiira kunachoka. Gogoyo anamanganso kansalu kawo, nathokoza mowomba m'manja.

Komatu mvula imene inakanika ndi ya kumayambiriro kwa 1949, ndipo njala inafika poipitsitsa kumapeto kwa chakacho ndi kumayambiriro kwa 1950. Wobadwa mvula ikugwa, anthu akulandira chimanga, akhoza kukhala wa Disembala 1949 kapena wa Febuluwale 1950. Pa masiku onse amene mtsikanayo akanasankha, 1 Januwale 1949 ndi limodzi mwa okayikitsa kwambiri. Ndipo palibe akudziwa tsiku limene mlembi wa mu 2017 anawalembera pa chiphaso chinatayikacho. Masiku awiriwo akadzapezeka osiyana, kompyuta idzaona agogo awiri, kapena idzakana kuti amene akupempha chithandizoyu ndi yemwe ali m'kaundula.

Mnyamata wina wokonza mafomu otere ku Lilongwe sakuvomereza kuti vuto ndi kabokosiko. Iye akuti mukangoika posankha kuti "sakudziwa", alembi otopa, amene ambiri amapatsidwa chiwerengero cha makomo choti akwanitse patsiku, amadina pomwepo kwa aliyense, ndi wa zaka 25 yemwe amene tsiku lake amalidziwa bwino. Akutinso m'dziko limene a Banda ndi a Phiri ali m'mudzi uliwonse, tsiku lathunthu ndi limene limasiyanitsa anthu ofanana mayina, komanso ndi limene fomu imawerengera zaka za munthu payokha pofuna kuona ngati wafika msinkhu wolowa m'gulu la okalamba. Kwa iye, kabokosi kokakamiza kamachititsa mlembi kufunsitsitsa.

Mayi wina amene wayang'anira magulu a alembi m'maboma angapo akuti kufunsitsitsako kumatha pa sabata yoyamba. Ikafika yachiwiri aliyense amakhala ataphunzira kwa mnzake kuti njira yodutsira ndi 1 Januwale. Ndipo tsikuli silisiyanitsa aliyense: a Phiri khumi obadwa 1 Januwale 1950 ndi ovuta kuwasiyanitsa kuposa a Phiri khumi amene kabokosi kawo kakunena poyera kuti tsiku silikudziwika. Chimene chimamupweteka kwambiri n'chakuti chongopekacho chikalowa m'kaundula chimafanana ndendende ndi choona. Wosanthula ziwerengero mu ofesi sangadziwe amene anabadwadi pa Chaka Chatsopano ndi amene anangoikidwapo. Akatswiri a chiwerengero cha anthu anaona kalekale kuti zaka zongoyerekeza zimaunjikana pa manambala othera ndi 0 ndi 5, ndipo ali ndi njira zoyezera zimenezo. Fomu yokakamiza yangosamutsira muluwo pa tsiku limodzi.

Pa mfundo iyi mayiyu akuoneka kuti ali ndi zoona zambiri. Lamulo la pa kabokosi limayesa maonekedwe a yankho basi. Likhoza kukana 29 Febuluwale m'chaka chimene mulibe tsikulo, koma silingadziwe ngati gogo uja anabadwa mu Januwale. Mafomu ena amagawa funsoli patatu: chaka n'chokakamiza, mwezi ndi tsiku zikhoza kusiyidwa, ndipo pali kabokosi kochonga kuti chakacho n'chongoyerekeza. Mlembi amayenda ndi mndandanda wa zochitika zodziwika zomuthandiza, monga njala ya 1949, chiyambi cha chitaganya mu 1953, chipwirikiti cha 1959 ndi ufulu wa 1964. Nkhawa ya ulesi ili ndi mankhwala ake, chifukwa fomu yomweyo imasunga dzina la mlembi, ndipo amene theka la anthu ake "sakudziwa" amaonekera msanga.

Wokonza mafomu uja sakugonja. Akuti kaundula wamkulu amene mafomu ang'onoang'ono amakafananizidwa naye amafuna tsiku lathunthu, ndiye wina penapake adzayenera kudzazabe malo otsalawo, kaya ndi mlembi pabwalo kaya ndi kompyuta mu ofesi. Akuwonjezera kuti vutoli likutha lokha, popeza kuyambira mu 2015 mwana aliyense wobadwa ayenera kulembedwa mwalamulo. Mayi uja amayankha kuti kompyuta ikadzaza yokha imatha kusiya chizindikiro kuti yadzaza, ndipo kuti agogo amene akudikira chithandizo chaka chino sangadikire kuti mbadwo wawo uthe.

Pa fomu ya ku Chiradzulu ija panali kabokosi kamodzi kopanda lamulo lililonse, kofunsa kumene munthu amakhala. Wokonza fomuyo ayenera kuti anasowa choikapo, poti kumudzi kulibe mayina a misewu kapena manambala a nyumba. Alembi amangolemba zimene auzidwa: kuseri kwa chigayo, pafupi ndi mjigo wachiwiri, kumunsi kwa tchalitchi pa mtengo wa mango. Oyendera makomo pambuyo pake akuti nthawi zambiri amafika pakhomo loyenera osafunsa njira.