Kabati Yaing'ono ya M'kalasi

Aphunzitsi ndi inu ana nonse amene mukumvetsera, phunziro lathu la lero likunena za kabati ija imene imaima pakona ya kalasi yanu. M'sukulu zambiri za mu Chipata ndi za m'midzi ya cha ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi, kabati imodzi yokha ndiyo imasunga chuma chonse cha kalasi: mabuku owerenga, mabuku olembamo, choko, mapu ndi buku la maina. Chiyambire chaka cha 2022, pamene boma linachotsa malipiro m'sukulu zake, ana achuluka kwambiri. Ndipo m'chaka cha 2025 maphunziro atsopano anayamba mu Giredi 1, kotero kuti mabuku akale ndi atsopano akulimbirana malo. Buku limene lasowa pokhala limagona pansi kapena pawindo, ndipo buku lotere silifika chaka chamawa.

Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti kabati yawo yachepa. Koma mukatsegula chitseko ndi kuyang'anitsitsa, mudzaona kuti mbali yaikulu ya m'katimo mulibe kanthu. Malo amatayika pamwamba pa mabuku, kumbuyo kwake, ndi kuseri kwa chitseko.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Tiyese kuti m'kati mwa kabati yanu ndi masentimita 180 kutalika, 90 m'mbali, ndi 45 kulowa m'kati. Kalipentala akakhoma mashelufu atatu motalikirana mofanana, pamakhala zipinda zinayi, chilichonse cha masentimita pafupifupi 45. Tsono buku lalikulu, la msinkhu wa pepala la A4, ndi lotalika masentimita 30 osakwanira bwino. Ndiye kuti m'chipinda chilichonse masentimita ngati 15 akungokhala, ndipo m'zipinda zinayi tataya pafupifupi 60, malo okwanira mizere ina iwiri ya mabuku! Mashelufu akasunthidwa kuti chipinda chilichonse chikhale cha masentimita 32, zipinda zimakhala zisanu, ndipo pamwamba pamatsala kampata ka masentimita 12 koikamo mapepala ndi mabokosi a choko, ngakhale titachotsera kuchindikala kwa matabwa. Ntchito imeneyi ifuna matabwa awiri okha, timitengo tochirikiza ndi misomali. Makolo a m'komiti ya sukulu angathe kuigwira tsiku limodzi Loweruka.

Kunena za kumbuyo, buku lomwe lija ndi la masentimita 21 m'mbali, motero mabuku awiri oimikidwa lina kutsogolo kwa linzake atenga masentimita 42 ndipo akwana m'kabati ya 45. Vuto la mizere iwiri nlakuti wakumbuyo umaiwalika. Ikani thabwa lochindikala kumbuyoko kuti mzerewo ukwere pang'ono ndi kuoneka, ndipo kumeneko muike mabuku a temu yamawa, osati a tsiku ndi tsiku. Mabuku aimirire, misana yake iloze kunja. Mulu wogoneka umaoneka waudongo m'mawa, koma mwana akafuna buku la pansi, mulu wonse umagumuka, zikuto nkuthothoka.

Kuseri kwa chitseko ndi malo amene pafupifupi aliyense amawaiwala. Tengani thumba la ufa lotha ntchito, mulichape, liume, kenaka musokerepo timatumba ta zidutswa za chitenje ndi kulikhoma ku chitsekocho. M'timatumbamo mulowe marula, mapensulo ndi chofufutira pa bolodi. Musaikemo zolemera, chifukwa chitseko chingapendekeke nkuleka kutsekeka. Mapu ndi zithunzi zapakhoma zisapindidwe, pakuti zimang'ambika m'mapindo. Zikulungeni ndi kuzimanga ndi luzi, dzina mulembe kunja.

Poika zinthu, zolemera zikhale pansi, zopepuka pamwamba, ndipo zogwiritsa ntchito tsiku lililonse zikhale pakati, pamene mkono wa mwana ufikapo popanda kukwera pa desiki. Kabati yolemera kumutu ingathe kugwera mwana akaikoka, ndipo ichi sichinthu choseweretsa. Mankhwala a makoswe kapena a tizilombo asasungidwe m'kabati ya ana ngakhale pang'ono.

Komabe kudzaza kabati sikutanthauza kuithina. Kwathu kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'miyezi imeneyi makoma amatenga chinyezi. Mabuku othinana m'kabati yotsamira khoma lonyowa amachita chuku, masamba ake nkumatirirana. Siyani mpata wolowa dzanja pakati pa kabati ndi khoma, ikwezeni pa njerwa zootcha, ndipo dzuwa likawala tsegulani zitseko kuti mphepo ipite. Mpata umenewu ulinso ndi ntchito ina. Chiswe chimachokera m'nthaka ndipo chimayenda m'tinjira tadothi timene chimamanga pakhoma kapena pa mwendo wa kabati, pobisala kuwala. Kabati ikagundana ndi khoma, tinjirato sitioneka, ndipo mudzadziwa za chiswe tsiku limene mudzatola buku nkupeza kuti latsala chikuto chokha. Mukationa, tiphwanyeni, mutulutse mabuku onse, ndi kuuza aphunzitsi aakulu tsiku lomwelo.

Inu ana, tikudziwa kuti nsawa za Chalimbana nzokoma, ndipo ena mumazibisa kuseri kwa mabuku kuti mudye pa nthawi yopuma. Khoswe amazinunkhiza msanga kuposa aphunzitsi anu, ndipo akamaliza nsawa amayamba kuteketa mabuku kuti apange chisa. Mphemvu nazo zimatsata nyenyeswa. Chakudya chisalowe m'kabati.

Tsopano nayi ntchito yanu ya mlungu uno. Aphunzitsi, gawani ana m'magulu atatu. Gulu loyamba liyeze kabati ndi rula ndi kulemba miyeso pa bolodi. Lachiwiri liyeze mpata wotsala pamwamba pa mabuku m'chipinda chilichonse ndi kuonkhetsa. Lachitatu litulutse zonse, lipatule zimene sizinagwire ntchito chaka chathunthu kuti zipite ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo liwerenge mabuku otsala. Chiwerengerocho chilembedwe pa pepala lomatidwa m'kati mwa chitseko, ndipo ana awiri, osinthana mlungu ndi mlungu, aziwerenganso mabukuwo ndi kusuzumira kumbuyo kwa kabati Lachisanu lililonse asanaweruke.