Auto-increment

Auto-increment ndi njira imene database imapatsira mzere uliwonse watsopano nambala yakeyake popanda munthu kuilemba. Ngati mzere womaliza m'tebulo unalandira 40, wotsatira ulandira 41. Kawirikawiri nambalayi ndi imene imakhala primary key, chizindikiro chosiyanitsa mzere ndi unzake. Mu MySQL imatchedwa AUTO_INCREMENT, mu SQL Server IDENTITY, pomwe PostgreSQL ili ndi chowerengera chapadera chotchedwa sequence.

Kukopera mzere

Pokopera zomwe zili mumzere wina kupita mumzere watsopano, nambala ya key siyenera kukoperedwa nawo. Mwachitsanzo, m'tebulo la ophunzira:

INSERT INTO ophunzira (dzina, kalasi) SELECT dzina, kalasi FROM ophunzira WHERE id = 7;

Apa id sinatchulidwe pa zokoperedwa, choncho database ipereka yokha nambala yatsopano. Id ikakoperedwa nawo, lamulolo limakanidwa chifukwa mizere iwiri singakhale ndi key imodzi. MySQL imasonyeza vutoli ndi nambala 1062.

Kubweza chowerengera

Chowerengera sichibwerera m'mbuyo mizere ikafufutidwa. Mzere 41 ukachotsedwa ndi DELETE, wotsatira ulandirabe 42, ndipo pakati pamatsala mpata. Ambiri ongoyamba kumene amaona ngati chinachake chalakwika, koma mipatayi siwononga kanthu.

Ofuna kuyambiranso amalemba ALTER TABLE ophunzira AUTO_INCREMENT = 1 mu MySQL. Ngati m'tebulo mukadali mizere, MySQL siyambira pa 1 koma pa nambala yotsatira yaikulu kwambiri imene ilimo. TRUNCATE TABLE imakhuthula tebulo lonse n'kubwezanso chowerengera. PostgreSQL siyang'ana zomwe zili m'tebulo: sequence ikabwezedwa pansi kwambiri, imayamba kupereka nambala zimene zili kale ndi eni ake, ndipo mizere yatsopano imakanidwa.

Ngozi yeniyeni ili pa matebulo ena amene amasunga nambala zakalezo. Ngati tebulo la fizi likuti wophunzira 41 analipira, ndipo nambala 41 yapatsidwa kwa wophunzira wina, malipirowo amaoneka ngati a munthu amene sanapereke kalikonse. Foreign key imateteza zimenezi, koma si matebulo onse amene ali nayo. Zoterezi zinkatha kuchitika zokha MySQL 8.0 isanatuluke mu 2018, chifukwa InnoDB inkaiwala chowerengera seva ikazimitsidwa n'kuchiwerenganso kuchokera pa nambala yaikulu yotsala m'tebulo.