Khansa ya pakhungu ya Kaposi: chithandizo chilipo

Anzathu achinyamata, tikamayenda m'midzi timakumana ndi anthu amene ali ndi timadontho takuda kapena tofiirira m'miyendo, kumapazi ngakhalenso m'kamwa. Poti timadonthoti kawirikawiri sitipweteka, ambiri amangotinyozera. Ena amakatemera kwa asing'anga poganiza kuti analodzedwa. Komatu nthawi zina imeneyi imakhala khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi muno.

Matendawa anapatsidwa dzina la dokotala Moritz Kaposi amene anawafotokoza koyamba mu 1872. Mu 1994 akatswiri anapeza kuti amayamba ndi kachilombo ka HHV-8. Ambiri amene ali nako sadwala ayi. Kamapeza mpata chitetezo cha m'thupi chikatsika, monga mmene zimakhalira ndi munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala.

Ndiye chifukwa chake chithandizo choyamba ndi ma ARV, amene akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004. Chitetezo chikakwera, timadontho tambiri timafota, tina n'kutheratu, makamaka ngati munthu wapita msanga kuchipatala. Kwa ena timadonthoti timayamba takula kaye pa masabata oyambirira. Zikatero musasiye mankhwala, bwererani kwa adokotala.

Ngati matenda afalikira, miyendo yatupa n'kuuma ngati chikuni, kapena afika m'mapapo ndi m'matumbo, ma ARV okha sakwanira. Adokotala amawonjezera mankhwala a khansa olowetsa m'mitsempha, monga paclitaxel, kapena bleomycin pamodzi ndi vincristine. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimapereka chithandizo chotere. Mankhwalawa amatha kufooketsa thupi kapena kuthothola tsitsi, koma tsitsilo limameranso. Chofunika n'kumaliza maulendo onse amene adokotala anena. Wodwala akamamva ululu anene, chifukwa mankhwala ochepetsa ululu aliponso.

Nanga ife a m'makalabu tichitepo chiyani? Tikaona dontho lachilendo limene silikutha, tipite kuchipatala ndipo tikayezetsenso magazi. Safunsa anadya phula. Mnzathu akadwala tisamusale. Kumupatsa moni wa pamanja kapena kukhala naye pa benchi imodzi sikungatipatse khansa. Timuperekeze kuchipatala, timukumbutse tsiku lokalandira mankhwala, ndipo mpando wake kukalabu timusungire.