Tsiku la Msodzi wa ku Zanzibar

Dzina lakuti ngalawa timalimva kawirikawiri mu Uthenga Wabwino. Ku Zanzibar, pa nyanja yamchere ya Indian Ocean, ngalawa ndi bwato losemedwa kuchokera ku mtengo wa mango. Limakhala ndi thanga, ndiponso matabwa awiri m'mbali oliteteza kuti lisagubuduke.

Ulendo wa msodzi wa kumeneko umadalira mphepo. Usiku mtunda umazizira msanga kuposa madzi, motero mphepo imaomba kuchokera kumtunda kunka kunyanja. Imeneyi ndiyo imamutenga mbandakucha. Masana mtunda ukatentha, mphepo imatembenuka n'kumubweza kwawo. Akanyengedwa ndi nsomba zimene zikudya nyambo, dzuwa n'kulowa, mphepo ija imaleka. Apo ndiye kupalasa ndi nkhafi mtunda wautali, nsomba zili kuwonongeka m'bwato.

Ayeneranso kudziwa nthawi ya madzi, pakuti nyanjayi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi. Akafika madzi ataphwa, ngalawa imatsakamira kutali ndi gombe.

Kuyambira Epulo mpaka Sepitembala kumaomba kusi, mphepo yaukali yakummwera, mbale wake wa mwera wathu uja. Nyengo imeneyi ambiri sapita patali, ndipo pakhomo ndiwo zimavuta.