Mphini ya munthu wopeka nayonso ili ndi amene anaitema

Ntchito yanga ena amaiyesa njuga, ena amaiyesa ulesi wa anyamata a mafoni. Ndimayendetsa masewero a nthano pa intaneti. Gulu la anthu limagwirizana pa WhatsApp kapena pa Discord, aliyense n'kupeka munthu wake: mlenje, msilikali, mzamba, wamalonda a mchere. Ine ndimayala dziko, kunena kumene kuli mtsinje ndi kumene kwabuka nkhondo, ndipo osewera amalemba zimene anthu awo akuchita. Pakakhala chikaiko ngati mkondo walasa kapena waphonya, timaponya dayisi. Masewerowa anatchuka ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, ndipo mu 1978 ophunzira a pa yunivesite ya Essex, Roy Trubshaw ndi Richard Bartle, anayamba kupanga mtundu wake wa pa kompyuta, wolemba mawu okhaokha. Kuno kwathu ku Mozambique, ku Tsangano ndi ku Furancungo, mtundu wa mawuwu ndi umene umatheka, chifukwa sudya mayunitsi ngati masewero a zithunzi, ndipo netiweki ikathawa nthano imakudikira.

Munthu asanalowe m'sewero, amanditumizira kalata yofotokoza wopekedwa wakeyo. Apa ndi pamene ndimadana ndi anthu. Pafupifupi kalata iliyonse ya wosewera watsopano imabwera yodzaza zizindikiro: nkhope yonse mphini, mano osongola, makutu oboola, chipsera chodutsa pa diso, mwinanso mkono wachitsulo. Ndikafunsa kuti zonsezi zachokera kuti, yankho limakhala lakuti "kuti azioopsa". Kalata yotero ndimaibweza. Sindiletsa mphini, ndipo sindinaletsepo mano osema. Chimene ndimafuna n'chakuti wosewera andiuze amene anagwira lumo, zaka zimene wotemedwayo anali nazo, ndiponso amene angathe kuwerenga chizindikirocho akakumana naye pa njira.

Chifukwa chake anganga athu amachidziwa kuposa akatswiri a masewero. Mphini sinkadzitema yokha. Mtsikana ankatemedwa ndi amayi odziwa ntchitoyo, pa msinkhu wake, ndipo zina mwa mphinizo zinali za pamimba ndi m'chiuno, zosaonekera kwa munthu wodutsa. Mphini za sing'anga n'zina: zing'onozing'ono, zoyandikana, zotemedwa pamene pakupweteka n'kupakapo mankhwala. Munthu wokhala ndi mphini m'mbali mwa mutu akutiuza kuti anavutikapo ndi mutu waching'alang'ala, ndipo panali wachibale amene anataya nkhuku kapena ndalama kuti achire. Wosewera akalemba zimenezo, wandipatsa kale mayi, matenda ndi ngongole, zinthu zitatu zimene ndingamangepo nthano. Akangolemba kuti "ali ndi mphini zoopsa", sanandipatse kanthu.

Sewero limene ndimakonda kuyendetsa ndinaliika ku Makanga, m'zaka za ufumu wa banja la Caetano Pereira, anthu ochokera ku Goa amene anakwatira kuno n'kusanduka mafumu okhala m'malinga, mpaka mfumu yawo Chinsinga itagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Dziko limeneli ndi sukulu yabwino pa nkhani ya zizindikiro, chifukwa nthawi imeneyo thupi linali chitupa. Achikunda, asilikali a m'minda ikuluikulu yotchedwa maprazo ya m'chigwa cha Zambezi, anali anthu otoleredwa m'mitundu yambirimbiri, ambiri mwa iwo akapolo. Allen ndi Barbara Isaacman, amene anafufuza mbiri yawo, analemba kuti ankadzitema zizindikiro za kumaso zotchedwa makaju ndi kusema mano, kuti asiyane ndi alimi amene ankawakhometsa msonkho. Taganizani za munthu wobadwa Mchewa, wogwidwa ali mwana, amene tsopano wanyamula makaju pa nkhope. Akabwerera kumudzi kwa amalume ake, amulandira ndi nsima kapena athawira kuphiri? Funso limenelo lokha likhoza kudyetsa gulu la osewera miyezi.

Chimodzimodzi makutu. Angoni a Maseko, amene anakhazikika chakuno ku Domwe, ankaboola makutu, ndipo anthu ogwidwa pa nkhondo ankabooledwanso posonyeza kuti tsopano ndi a m'khola limenelo. Choncho wosewera akandilembera mlenje wa ku Makanga wa makutu oboola, ndimamuchenjeza kuti alonda a pa linga adzamuyang'ana kawiri. Ndi kazitape wa Angoni kodi? Ndi wothawa? Wosewera wanzeru amasangalala ndi chenjezo lotere, poti wapeza vuto loti alimbane nalo. Waulesi amati, "Basi chotsani makutuwo, akulu." Ndimachotsa, koma ndimamva chisoni.

Zimene ndimakana kwamtuwagalu ndi kuunjika. Nkhope ya Mmakonde wa ku Mueda, makutu a Mngoni, mlomo wa Mmang'anja ndi mizere ya Amaori a ku New Zealand, zonse pa munthu mmodzi. Kumeneko kuli ngati kuthira thobwa, mkaka ndi msuzi wa nsomba m'chikho chimodzi n'kumati waphika. Chizindikiro chilichonse chinali ndi eni ake, ndipo chinkanena kuti uyu ndi wathu, si wanu. Munthu wonyamula zinayi akunena kuti ndi wa mitundu inayi nthawi imodzi. Zikhoza kutheka m'nthano, inde, koma ndiye andifotokozere ulendo umene anayenda.

Ambiri mwa anyamatawa anatengera filimu ya Black Panther ya 2018, ndipo sindiwanena. Koma aonenso bwino. Zipsera za Killmonger zili ndi chifukwa chonenedwa m'filimu momwemo: chilichonse chikuimira munthu amene anamupha. Wolemba anachita ntchito yake. Anyamata athu amakopera zipsera n'kusiya chifukwa.

Palinso mbali ya thupi lenileni, imene osewera amaiwala chifukwa sakumva ululu ndi iwo. Mphini yotukuka siibwera ndi lumo lokha; pachilondapo ankapakapo zinthu monga makala kapena phulusa, ndipo pamatenga masabata kuti pole. Munthu wanu akatemedwa lero m'sewero, mawa sakathamangitsa njati. Dzino losema silimeranso, ndipo limamva kuzizira kwa madzi a m'mawa a ku Tsangano kuno moyo wake wonse. Pelele, mphete ya pa mlomo wam'mwamba imene David Livingstone anaiona pa amayi a Chimang'anja m'chigwa cha Shire mu 1859, inkayamba ndi kabowo kakang'ono kokulitsidwa pang'onopang'ono kwa zaka. Mkazi wovala pelele wamkulu ndiye kuti ndi wachikulire, ndipo milomo yake siikumana monga ya ena, choncho kalankhulidwe ndi kamwedwe kake n'kosiyana. Wosewera wofuna mtsikana wa zaka 15 wokhala ndi pelele wamkulu walakwitsa masamu. Opanga masewero akunja anazindikira kalekale kuti kusintha thupi kuyenera kukhala ndi mtengo: mu Cyberpunk 2020 ya Mike Pondsmith, chitsulo chilichonse chimene munthu waika m'thupi chimamudyera gawo la umunthu wake. Ine sindiwerengetsa manambala choncho, koma mtengo ndimaufuna ndithu, kaya ndi ululu, manyazi, kapena khomo limene latsekeka.

Nthawi nayonso imasintha tanthauzo. Mphini imene inali ulemu kwa agogo inasanduka chinthu chobisa kwa mdzukulu wopita ku sukulu ya mishoni. Kwa Amakonde, kutema nkhope kunazilala m'zaka za nkhondo ya ufulu ndi pambuyo pa 1975, ndipo lero umakuona pa nkhalamba ndi pa zigoba za gule wawo wotchedwa mapiko. Kubwera kwa Edzi kunachititsanso anthu kuopa lumo limodzi lotemera anthu angapo. Ndiye sewero likakhala la m'chaka cha 1890, mphini ya kumaso siidabwitsa munthu. Likakhala la masiku ano pa msika wa Biri-Biri, pa malire ndi Ntcheu, anthu adzacheuka, ndipo wosewera ayenera kudziwa chimene munthu wake amayankha akafunsidwa. Chizindikiro chofala pa m'badwo wathu ndi kachipsera ka katemera wa BCG pa mkono, koma sindinaonepo wosewera akukalemba, chonsecho kamanena zambiri: kuti munthu anabadwira pafupi ndi chipatala, kapena kuti amayi ake anayenda mtunda kukamubayitsa.

Pali malire awiri amene sindikambirana ndi munthu. Oyamba ndi a dambwe. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma zimenezo sizinatsegule zinsinsi zake kuti tizisewera nazo pa foni. M'sewero langa chilombo chikhoza kutuluka pa bwalo n'kuvina, anthu n'kuthawa kapena kufupa, koma palibe wosewera amene amaloledwa kuchivula kapena kufotokoza za mkati mwake.

Achiwiri ndi olemera kuposa apo. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, anthu a m'maboma athu ano anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza miyandamiyanda, ndipo m'dziko muno muli anthu amene anadulidwa makutu, mphuno kapena milomo ali moyo. Ena mwa iwo tikukwera nawo galimoto limodzi lero. Wosewera akalemba kuti munthu wake alibe khutu "kuti azioneka chigawenga", ndimamuyimbira foni m'malo momulembera. Ndimamuuza kuti m'gulu lathu momwemo mungakhale mwana wa munthu wotero. Akafunabe khutu lodulidwalo, ndimamulola pokhapokha alembe kuti munthu wakeyo ndi amene anachitiridwa, ndipo asonyeze mmene amakhalira nazo: mbali imene amatembenuzira mutu pomvetsera, mpango umene amavala ngakhale kukutentha, ana amene amamuloza pa chitsime. Ambiri akafika pamenepa amapempha tsiku lina loti akaganize, ndipo kalata imene imabwera pambuyo pake kawirikawiri imakhala ndi chizindikiro chimodzi chokha, cholembedwa mizere khumi.