Thanki Yakale ya Mafuta: Kuichotsa Popanda Kutaya Moyo

Anthu a ku Kavalamanja amadziwa bwino kuti chitsulo chongogona duu chikhoza kupha. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a dziko la Rhodesia anaukira dera lino ndi ndege pofuna kuphwanya msasa wa ZIPRA, ndipo nkhondo itatha zida zosaphulika zinatsalira m'tchire kwa zaka zambiri. Kuchokera nthawi imeneyo mwana wa m'mbali mwa Zambezi amakula akuuzidwa kuti asatole chitsulo chachilendo. Koma pali chitsulo china chimene tinachizolowera kwambiri moti sitichiopa: thanki yakale ya mafuta yoima kuseri kwa chigayo, kapena mgolo wa petulo umene asodzi anasiya pa dooko.

Masiku ano zitsulo zakale zili ndi msika. Ogula amayenda m'midzi, ndipo thanki yosiyidwa imaoneka ngati ndalama yongotola. Mwini wake amaigogoda, namva kuti ikulira ngati ng'oma, naitana mnyamata wowotcherera kuti aidule. Apa m'pamene pagona ngozi, chifukwa chimene chimayaka ndi nthunzi ya mafuta ikasakanikirana ndi mpweya, ndipo thanki yokhuthulidwa ndiyo ili ndi malo ambiri osakanizirana ziwirizi.

Nthunzi ya petulo imaphulika ikangokhala pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 pa magawo 100 a mpweya. Kunena mwachidule, masipuni awiri okha a petulo otsalira mu mgolo wa malita 200 ndi okwanira kuuphulitsa. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, choncho siuluka msanga: imakhazikika pansi pa thanki ndipo imatha kuyenda m'ngalande mpaka kukapeza moto wa pa mbaula. Dizilo sayaka msanga ngati petulo, komabe akatenthedwa kupitirira madigiri 55 amatulutsa nthunzi yoyaka, ndipo makina odulira chitsulo amatenthetsa khoma la thanki kuposa pamenepo m'kanthawi kochepa. Matope akuda a pansi ndiponso dzimbiri la m'makoma zimasunga mafuta kwa zaka zambiri.

Ukali wa nthunzi imeneyi anauona abale athu a tsidya lina la Luangwa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pa 17 Novembala 2016, m'mudzi wa Caphiridzange, galimoto yonyamula petulo kuchokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika anthu akutunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 anafa. Thanki ya pa chigayo ndi yaing'ono poiyerekeza ndi imeneyo, koma kwa munthu amene waiweramira ndi chodulira m'manja, kuchepa kwake sikumupulumutsa.

Nanga gulu la alimi, sukulu kapena mwini chigayo achite chiyani? Choyamba ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Dziwani chimene munkasungidwa m'thankimo kuyambira pachiyambi: petulo, dizilo, palafini, mankhwala a thonje kapena a ziweto. Funsani akuluakulu amene ankagwira ntchito pamalopo. Kenako dziwitsani a khonsolo ku boma la Luangwa. Bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2011, ndilo limayang'anira zinyalala zoopsa, ndipo la ERB limayang'anira kasungidwe ka mafuta. Thanki yaikulu, kapena yokwiriridwa pansi, ndi ntchito ya akatswiri okhala ndi chilolezo.

Podikira akatswiriwo, tchingani malowo ndi mpanda, lambulani udzu wouma mozungulira, ndipo ana ndi mbuzi zisafikepo. Fodya, machesi ndi moto wotenthera tchire zikhale kutali.

Akatswiri akafika, ndi bwino kuti eni malo adziwe ndondomeko yoyenera kuti aone ngati ikutsatidwa. Amayamba ndi kudula magetsi ndi kutseka mapaipi onse olowa ndi otuluka. Amapopa mafuta otsala ndi matope aja n'kuwathira m'migolo yotsekeka. Amatsuka thankiyo, kenako amapitikitsa nthunzi poidzaza ndi madzi mpaka kukamwa, kapena ndi mpweya wosayaka wa nayitirojeni. Asanadule, amayeza mpweya wa mkati ndi kachipangizo kake, ndipo amabwereza kuyeza ntchito ili mkati, chifukwa dzuwa la m'chigwa chino, makamaka mu Okutobala, limadzutsanso nthunzi m'makoma. Mphuno ya munthu singalowe m'malo mwa chipangizocho. Kudula kwabwino ndi kogwiritsa zida zosatulutsa moto. Thanki yokhala pa nsanja amaitsitsa ndi makina onyamulira, munthu asali pansi pake, chifukwa miyendo yadzimbiri imathyoka mosachenjeza.

Lamulo limodzi lisaphwanyidwe ndi aliyense: osalowa m'thanki. Ngakhale thanki ya madzi okha imapha, pakuti dzimbiri limadya okosijeni. Mpweya wabwino umakhala ndi magawo pafupifupi 21 a okosijeni pa 100, ndipo akachepa kwambiri munthu amakomoka asanaitane n'komwe. Nthawi zambiri maliro amakhala awiri kapena atatu, chifukwa mnzake amalumphiramo kuti akamupulumutse. Wina akagwa mkati, kuwani ndi kuthamangira thandizo, musamutsatire.

Ntchito sithera pa kudula. Madzi otsukira asatayidwe pansi, pafupi ndi chitsime kapena m'khwawa lopita ku Zambezi, chifukwa mtsinjewo ndiwo nsomba zathu, madimba athu ndi madzi athu akumwa. Dothi la pansi pa thanki likanunkha mafuta kapena kuda, lifukulidwe ndi kuchotsedwa monga a ZEMA angalangizire, ndipo pamalopo pasalimidwe ndiwo. Dzenje lotsala likwiriridwe tsiku lomwelo. Zidutswa za thanki imene munali mankhwala zisasanduke mbaula, chowambira nsomba, nkhokwe ya chimanga kapena mtsuko wa madzi. Zipite kosungunula zitsulo, ndipo wogula auzidwe chimene chinali mkati.

Zonsezi zimatenga masiku ndiponso ndalama, mwina zoposa mtengo wa chitsulocho. Koma mnyamata wowotcherera uja ndi mwana wa wina, ndipo m'mudzi muno amisiri ndi owerengeka. Magulu a alimi akhoza kulemba mathanki ndi migolo yonse yosiyidwa m'dera lawo, n'kukapereka mndandandawo kwa amfumu ndi kwa khonsolo, kuti akatswiri akabwera ulendo umodzi athane nazo zonse ndipo mtengo ugawidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thanki imene yadikira zaka khumi ikhoza kudikiranso mwezi umodzi.