Njala Ikalowa, Ubongo Umasintha Mitengo

Ukadutsa pamene akuotcha chimanga m'mphepete mwa msewu utangokhuta nsima, fungo lake sulimva n'komwe. Dutsanso pomwepo dzuwa lili paliwombo, kukamwa kusanalowe kanthu chidzukire, uona miyendo ikukhota yokha, dzanja lili kale m'thumba.

Amene amakhotetsa miyendoyo ndi timadzi ta mu ubongo totchedwa dopamine. Ambiri amatitcha timadzi ta chisangalalo, koma dzina limeneli n'losocheretsa, chifukwa imodzi mwa ntchito zake zazikulu ndi kuphunzitsa. Wolfram Schultz, ali ku Fribourg m'dziko la Switzerland, ankadonthezera anyani madzi a zipatso m'kamwa. Madziwo akabwera mwadzidzidzi, maselo a dopamine ankadzuka mwamphamvu. Anyaniwo atazolowera kuti kukayaka kanyali madzi ali m'njira, maselo aja anayamba kudzukira kanyali, madziwo n'kuwalandira mwachizolowezi. Kanyali kakayaka koma madzi osabwera, maselowo ankangoti zii. Mu 1997 Schultz ndi anzake awiri anafotokoza m'magazini ya Science kuti dopamine imayeza kusiyana kwa zimene umayembekezera ndi zimene walandira.

Nanga ubongo umadziwa bwanji kuti lero chimanga n'chofunika? Umauzidwa ndi thupi. Chifu chikakhala chopanda kanthu chimatulutsa ghrelin, imene ofufuza a ku Japan anaitulukira mu 1999, ndipo iyo imafika pa maselo a dopamine n'kuwatakasa. Mafuta a m'thupi nawo amatumiza leptin, yokanena kuti nkhokwe ilimo, ndipo chilakolako chimatsika.

Nkhani imene imandidabwitsa kwambiri ndi ya mchere. Ku yunivesite ya Michigan, Mike Robinson ndi Kent Berridge anaphunzitsa makoswe kuti kachitsulo kakatulukira m'khola mwawo, m'kamwa mufika madzi owawa mchere kuwirikiza katatu madzi a m'nyanja yamchere. Makoswewo anakazonda kachitsuloko. Kakangotuluka ankatembenuka n'kukakhala kutali. Kenaka ofufuzawo anawabaya mankhwala ochititsa thupi kusowa mchere koopsa, vuto limene makoswewo anali asanalionepo chibadwire.

Munthu ungaganize kuti ayenera kuyamba alawanso madziwo, aone kuti tsopano akukoma, ndiyeno apepesane ndi kachitsulo kaja pang'onopang'ono. Umu ndi mmene ambiri ankaganizira za kuphunzira, ndipo ine ndikanabetcha chimodzimodzi. Koma malinga ndi zimene ofufuzawo anafalitsa mu 2013, kachitsuloko katangotuluka koyamba, makoswe anakathamangira n'kuyamba kukanyambita ndi kukatafuna, mchere usanafike pa lilime ngakhale dontho. Zimene ankakumbukira zinali zomwezija, zoti kachitsulo aka kamabwera ndi mchere woluma. Usiku umodzi wa njala ya mchere unakwana kuti ubongo uike mtengo watsopano pa chikumbukiro chakalecho.